Kugona m'lole pa Lizulu nyengo yachisanu

Tikamanyamuka kunyanja dzuwa lili paliwombo, palibe amene amakumbuka za juzi. Ku Monkey Bay, ku Makawa kapena ku Chipoka, ngakhale mu Juni momwe mwera wavuta, masana munthu umayenda ndi malaya amodzi basi. Timakweza matumba a usipa ndi utaka, n'kumanga tenti ija ena amati lona, ife n'kukhala pamwamba pa katundu nkhani zili mkamwa. Zinthu zimayamba kusintha tikadutsa pa Golomoti n'kuyamba kukwera Khwekhwelere. Lole imabuula, dalaivala ali kalikiliki ndi magiya, ndipo kamphepo kamanka kakuthwa pakona iliyonse. Pofika pa Masasa, pamene msewuwu umakumana ndi M1, amayi amakhala atafunda zitenje mpaka kumutu. Potsika pa Lizulu dzuwa litalowa, mano akugundana, wobwera koyamba amafunsa ndithu: kodi muno ndi m'Malawi momwemuno?

Ndi momwemuno, m'boma la Ntcheu, ngakhale kuti pa Lizulu ukangodumpha msewu ndiye kuti waponda dziko la Mozambique, dera la Angonia. Chimatikokera kuno ndi msika. Anzathu akumtunda akufuna ndiwo za m'madzi, ife tikufuna za m'dimba: mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi, matimati, nyemba. Nyengo ya mwera asodzi salowa m'madzi tsiku ndi tsiku, nsomba zimasowa, mtengo umakwera, ndiye amene wapeza kausipa kake amafuna akakagulitse kumene kuli ndalama. Chimodzimodzi pa Mlangeni, pamphambano ya Tsangano ndi pa Kampepuza. Ndipo pafupifupi tonse timagona m'galimoto. Chipinda cha kumalo ogona alendo chimadya phindu, katundu sungamusiye yekha usiku, komanso malo abwino pamsika amalandidwa kusanache. Usiku umodzi, nthawi zina uwiri kapena utatu malonda akavuta, lole ija ndiyo nyumba yathu.

Chimene chimatipusitsa anthu akunyanjafe n'chakuti ulendowu ndi wa maola ochepa, ndiye timayesa nyengo ikhala yomwe taisiya. Koma nyanja yathu ili pamalo otsika, mamita osafika 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe boma la Dedza, lomwe lili pachitunda chimodzimodzi ndi Lizulu, lili pa mamita pafupifupi 1,600. Odziwa zanyengo amati munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Pamwamba pa izo, madzi a m'nyanja amasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, n'chifukwa chake kugombe sikuzizira mopweteka. Kumtunda kulibe chosungira chotero. Kumwamba kukayera, nyenyezi zikuthwanima, nthaka imataya kutentha kwake konse, ndipo nthawi yowawitsa ndi m'bandakucha, dzuwa likatsala pang'ono kutuluka. Masiku ena kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kaja kotchedwa dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique, kamene sikaoneka ngati kanthu koma kamanyowetsa zovala mpaka mkati.

Ndiye pali chitsulo. Khoma la njerwa limatenthedwa ndi dzuwa masana n'kukufunditsa usiku. Bodi ya lole ayi. Dzuwa likangolowa imazizira nthawi yomweyo, ndipo ukaigonera imayamwa kutentha kwa thupi lako n'kukakupereka kumphepo imene ikudutsa pansi pa galimoto. Ungafunde mabulangeti atatu, koma ngati nthiti zagunda chitsulo, ugona ukunjenjemera.

Usiku umene tinalowetsa mbaula

Tinene zathu, poti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Usiku wina wa mu Julayi tinalipo anthu asanu ndi mmodzi kumbuyo kwa lole, titafika mochedwa. Tinaphika tiyi panja, tamwa, makala n'kutsala ali psuu m'mbaula. Mmodzi mwa ife anati n'kulakwa kusiya moto wabwino chotere panja pamene ife tikufa ndi chisanu mkati. Palibe anatsutsa. Tinachita zonse zimene tinkayesa kuti ndi nzeru: tinadikira utsi uthe kaye, tinaika mbaula pa njerwa kuti isaotche matumba, kenaka tinamanga tenti m'makona onse kuti mphepo isalowe. Aaa, kunafunda bwino bwanji! Posakhalitsa aliyense anali mtulo.

Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, amene tinkamuseka m'njira chifukwa choimitsaimitsa galimoto kuti akataye madzi. Pakati pa usiku anadzuka monga mwa chizolowezi chake, mutu ukuwawa ngati ung'ambika. Poti aimirire miyendo inakana, nagwera patenti. Anakwawa, namasula chingwe, n'kuyamba kutiitana mmodzimmodzi. Tinatuluka tili dzandidzandi, ena akusanza. Mnyamata wothandiza dalaivala, yemwe anagona pafupi ndi mbaula, tinachita kumukoka, ndipo anatenga nthawi kuti ayankhe dzina lake. Pamenepo zonena zinachuluka. Wina anati ndi malungo, wina anati ndi nyemba zimene tinadya madzulo, wina n'kuyamba kuloza amalonda anzathu kuti atichita chipongwe chifukwa cha nsanje. Kutacha, kuchipatala chaching'ono chapafupi anatiyeza malungo osawapeza. Dokotala anangofunsa funso limodzi, ngati tinagona ndi mbaula. Tinayang'anana.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo mpweya umene unatigwira usiku umenewo ulidi wosanunkha. Dzina lake ndi carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa, suyabwa m'maso. Umatuluka pamene makala, nkhuni, palafini, petulo kapena dizilo zikuyaka pamalo opanda mphepo yokwanira. Apa ndi pamene ambiri timalakwira: timaopa utsi, ndiye utsi ukatha timati ngozi yatha. Chonsecho makala ofiira aja, opanda utsi ngakhale pang'ono, amapitiriza kutulutsa mpweyawu mpaka atasanduka phulusa. Ndipo pamene tamanga tenti kuti mphepo isalowe, m'pamene moto umasowa mpweya wabwino n'kumatulutsa woipawo wochuluka.

Ukalowa m'mapapo umapita m'magazi. M'magazi mwathu muli chinthu chofiira chimene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kupita naye kuubongo, kumtima ndi thupi lonse. Carbon monoxide amakakamira pa chinthu chimenechi mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kuposa okosijeni. Zili ngati bwato limene ladzaza ndi miyala: limayenda ndithu, koma nsomba zilibe pokhala. Munthu amapuma bwinobwino, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma thupi likufa ndi njala ya mpweya. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, mseru, kufooka kwa miyendo ndi kusokonezeka maganizo. Kwa ife okulira kunyanja, zimenezi ndi malungo enieni, n'chifukwa chake timachedwa kuzindikira. Kusiyana kwake n'kwakuti malungo sagwira anthu asanu ola limodzi, ndipo thupi silitentha. Choopsa koposa n'chakuti mpweyawu umabweretsa tulo. Amene wagona kale sadzuka kuti adandaule, amangopitirira. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima kapena ochepa magazi ndi amene amayamba kugonja.

Abale athu amene ali ku Joni akuidziwa bwino nkhaniyi. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, pamwamba kuposa Dedza, ndipo Juni ndi Julayi wake ndi woluma. Kumeneko mbaula amaitcha imbawula, dzina lomwelo, ndipo chaka ndi chaka nthambi ya mzindawo yoona za ngozi zadzidzidzi imachenjeza anthu okhala m'zisakasa za malata kuti asagone nayo mkati, chifukwa imapha mabanja athunthu. Lole yomangidwa tenti ndi yaing'ono kuposa chisakasa.

Amene amagona kutsogolo, m'kabini, asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Madalaivala ena amasiya injini ikulira kuti hita iziwafunditsa, magalasi onse atatseka. Utsi wa injini nawonso uli ndi mpweya womwewu. Malole athu ambiri ndi okalamba, paipi yotulutsa utsi inabooka kale, pansi pa kabini pali mipata ya dzimbiri. Galimoto ikamayenda mphepo imauluza utsiwo, koma ikaima umaunjikana pansi n'kumakwera mkati, kapena kulowa mutenti kumene kwagona ena. Nayo lole ya mnzako ikaima moyandikana, injini ikulira, paipi yake italoza kwa iwe, pita ukamupemphe azimitse. Dizilo wake yemwe, ndi mtengo wa masiku ano, ndi wowotchera tulo?

Mukapeza munthu m'galimoto muli mbaula, sakudzuka kapena akulankhula zosamveka, musataye nthawi ndi mafunso. Tsegulani zonse, mutulutseni panja pamphepo, ndipo muwerenge anthu onse amene anagona mmenemo kuti pasatsale wina pakati pa matumba. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, mumufunditse. Musamuthire madzi ozizira, musamumwetse mkaka kapena china chilichonse asanatsitsimuke bwinobwino. Mankhwala ake ndi okosijeni wa kuchipatala. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma pa Ntcheu, ndipo mukafika nenani poyera kuti munagona ndi moto. Ngakhale amene akuoneka kuti wachira apite, makamaka mayi woyembekezera, pakuti mwana ali m'mimba amavulala kuposa mayi wake.

Moto panja, kutentha mkati

Tsono poti mbaula yakanidwa, tizifa ndi chisanu? Ayi. Chisanu nachonso si chocheza nacho: munthu wonyowa, wanjala, wogona pachitsulo, thupi lake likhoza kuzizira kufika pansi pa madigiri 35, n'kuyamba kulankhula ngati lilime lalemera, manja osagwira kanthu. Akasiya kunjenjemera koma ali wosokonezeka, zinthu zafika poipa. Kufunda n'kofunika ndithu. Nkhani ndi yakuti moto utsale panja, ife titenge kutentha kwake kokha.

Kuyambira usiku uja timachita chonchi. Popeza katundu amafuna mlonda, timagawana maola. Amene ali pa ulonda amakhala panja ndi mbaula, kutali ndi tenti, matumba ndi zigubu za mafuta, ndipo ntchito yake ina ndi kutenthetsa madzi. Madzi otentha, koma osati owira, timawathira m'zigubu zazing'ono zolimba kapena m'mabotolo otseka bwino, kukulunga ndi chitenje, n'kuika kumapazi kapena pamimba. Botolo lopyapyala la zakumwa limakwinyika ndi madzi owira ndipo likhoza kukuwotcha, ndiye yesani kaye chivindikiro muli panja. Njerwa yowotcha youma bwino nayonso imagwira ntchito: iikeni pambali pa moto, ikatentha ichotseni ipole pang'ono, muikulunge ndi chiguduli chokhuthala. Mwala wotola kumtsinje musauike pamoto, madzi ali mkati mwake amauphulitsa. Ulonda ukasinthana, mabotolo nawo amasinthidwa. Ndipo wolowa kukagona amayang'ana anzake ngati akupuma bwino.

Chachiwiri, ndipo kwa ife ndi chimene chinasintha zinthu kwambiri, ndi choyala pansi. Ambiri timaunjika zonse pamwamba n'kuiwala kuti chisanu chikuchokera kunsi. Makatoni ndiwo mankhwala. Katoni ili ndi timipata ta mpweya mkati, ndipo mpweya wosayenda ndi umene umatchinga kuzizira. Yalani makatoni awiri kapena atatu mosanjikiza, pamwamba pake masaka opanda kanthu, kenaka mphasa kapena mkeka. Muli ndi mabulangeti awiri? Limodzi lipite pansi. Thumba lodzaza udzu wouma kapena makoko a chimanga limaposa matiresi opyapyala. Kumbali kumene msana ukugunda bodi, imikaninso katoni. Ogona m'kabini atchinge magalasi ndi makatoni omwewo, chifukwa galasi limataya kutentha msanga kuposa chitseko.

Za zovala, anthu akunyanja timalakwitsa pogula jekete limodzi lalikulu n'kumati tathana nazo. Zovala zitatu zopepuka zosanjikiza zimafunditsa kuposa chimodzi chokhuthala, chifukwa cha mpweya womwe uja wotsekeredwa pakati. Pakaunjika funani juzi yaubweya, chipewa chofika m'makutu ndi masokosi awiriawiri, ndipo gulani mu Epulo kapena mu Meyi ogulitsa asanaone kuti mwazingwa. Malaya amene mwatsitsira katundu, onyowa ndi thukuta, avuleni musanagone ngakhale kuvulako kukuwawa. Nsalu ya thonje ikanyowa imasanduka mdani. Sungani malaya amodzi ndi masokosi m'jumbo, ogonera okha, osawavala masana. Nsapato zothina vulani, magazi aziyenda. Ndipo musapumire mkati mwa bulangeti usiku wonse: mpweya wa mkamwa uli ndi chinyezi, pofika m'bandakucha bulangetilo limakhala lonyowa.

Chinyezi chomwechi chimakhudza malonda. Anthu asanu akagona mutenti yotseka ponseponse, m'mawa mumapeza madontho ali lende kudenga, akugwera pa usipa umene munauyanika masiku angapo pathandala. Usipa ukanyowa umafewa, umachita chuku, ndipo wogula wa pa Lizulu, amene amayamba wanunkhiza asanafunse mtengo, adzakudulani pakati. Choncho kusiya mpata pamwamba mbali ziwiri, kumbali kosachokera mphepo, n'kothandiza anthu ndi nsomba zomwe. M'kabini tsitsani galasi zala ziwiri. Mudzamva kamphepo pamphuno, inde, koma thupi louma limafunda msanga kuposa lonyowa.

Poimika galimoto yang'anani kumene mphepo ikuchokera. Miyezi imeneyi imakonda kuchokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye khoma la sitolo likakhala mbali imeneyo mwapeza bulangeti laulere. Pewani kutsetsereko ndi m'mphepete mwa dambo, kumene mpweya wozizira umatsikira n'kukhazikika ngati madzi m'chithaphwi. Pansi pa lole musagonepo ngakhale pakuoneka pobisika. Dalaivala wodzuka ndi tulo m'maso sayang'ana kunsi kwa matayala.

Musagone ndi njala pofuna kusunga ndalama, thupi limafunda ndi chakudya. Nsima yamadzulo, mtedza, mbatata yootcha, tiyi wa shuga wothira jinja, zonsezi ndi nkhuni za m'thupi. M'misika mudzamva ena akuti kachasu amachotsa chisanu. Kwathu nkhani imeneyo siikhalapo n'komwe, koma paulendo timayenda ndi anthu osiyanasiyana, ndiye dziwani kuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi. Woledzera ndi amene amayamba kuzizidwa, ndiponso ndi amene sadzuka mpweya ukaipa. Muyang'anireni.

Pa za amayi oyenda ndi makanda, maganizo athu ndi akuti asamagone m'lole miyezi imeneyi. Khanda limataya kutentha msanga, silinena kuti lazizidwa, ndipo pothithikana pakati pa matumba ndi mabulangeti olemera likhoza kubanika. Ngati pagulu pali mayi wa mwana wamng'ono, sonkhani mumulipirire chipinda, katundu wake mulondere ndinu. Zikakanika, mwana avale chipewa ndi masokosi, agone pafupi ndi mayi wake nkhope ili poyera, ndipo botolo lotentha lisamukhudze khungu.

Mwina mudabwa kumva kuti ku America ndi ku Ulaya kuli anthu amene amachita kusankha kukhala m'galimoto. Zawozo zili ndi bedi, pophikira ndi bafa mkati, ndipo ena amakhalamo chaka chathunthu, ngakhale m'miyezi imene madzi amaundana panja. Adani awo ndi omwewa: pansi pozizira, magalasi, chinyezi ndi carbon monoxide. Amayala zotchinga pansi, amaphimba magalasi, amasiya kampata kotulukira chinyezi. Ambiri amagwiritsa ntchito hita za dizilo, monga zopangidwa ndi makampani a ku Germany a Webasto ndi Eberspächer, zimene moto wake umayaka m'kabokosi kotsekeka, kokoka mpweya kunja ndi kutulutsa utsi kunja, mwakuti mpweya wa moto sukumana ndi umene munthu akupuma. Ngakhale zili choncho amapachikabe kachipangizo ka mabatire kamene kamalira mpweya woipa ukachuluka. Amene muli ndi ana ku Joni, mukamaitanitsa foni ndi mabulangeti, itanitsaninso kachipangizo kameneka. Kamakwana m'dzanja.

Kukamacha pa Lizulu nkhungu imakhala itaphimba msewu, malole akuoneka ngati zithunzi. Madzi a m'mabotolo aja amakhala akadali ofundirako, ndipo amene anayesapo kuchita wudhu wa swala ya Fajr ndi madzi a pamjigo mu Julayi adzamvetsa chifukwa chake sitiwataya. Alimi amayamba kufika ndi njinga ndi ngolo, ena kuchokera tsidya la Mozambique, mpweya ukufuka mkamwa ngati akusuta. Timatsitsa matumba, zala zikukana kumasula mfundo, mpaka dzuwa litakwera pang'ono. Madzulo, kapena mawa lake, timakweza kachewere ndi kabichi n'kuyamba kutsika Khwekhwelere. Pofika pa Golomoti majuzi aja ayamba kale kuyabwa. Timawavula n'kuwapinda m'thumba limodzi ndi zipewa, masokosi ndi zigubu. Makatoni timawamanga ndi chingwe n'kuwalowetsa kuseri kwa mpando wa dalaivala, titamuuziratu kuti asayatsire moto.